Thumba Loyamba la a Ngolo

Lole ikangolowa chafutambuyo pageti la nyumba yosungiramo katundu, thumba loyamba kutsika linali la a Ngolo. Silinali lamulo lolembedwa paliponse. Zinangokhala choncho kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Ankavula shati n'kuikoleka pamsomali wa kuseri kwa chitseko, n'kufunda chisaka chakale kumutu ndi m'mapewa, n'kukaima m'munsi mwa lole atapereka msana. Awiri a pamwamba ankatukula thumba n'kuwasenzetsa. Iwo ankalimenya kawiri ndi chikhatho, pha! pha! ngati munthu wopereka moni kwa ng'ombe yake, n'kunyamuka. Akatero m'pamene mzere wonse wa osenza unkayamba kuyenda pambuyo pawo.

Dzina loti Ngolo analipata ali mnyamata, masiku amene ankasenza matumba awiri nthawi imodzi kwinaku akuimba. Amene anaziona ndi maso zimenezo anatha onse. Ena anatsikira kulichete, ena anabwerera kwawo msana utakana. Anatsala mmodzi yekha, nkhalamba yowonda, yosalankhulalankhula, imene inkakhala pasikelo, ndipo aliyense ankangoitchula kuti a Sikelo. A Ngolo anakwatira mlongo wawo wa a Sikelo. Ndiye kuti a Sikelo analibe kothawira. Kuntchito mlamu, kunyumba mlamu, ngakhale kumaliro a munthu wina mlamu yemweyo.

Ntchito ya a Sikelo inali yosavuta kuimvetsa. Nyemba zinkabwera m'matumba osalingana, popeza wothira aliyense ankathira mmene dzanja lake lamuuzira. Choncho thumba lililonse linkayenera kudutsa pasikelo. Sikeloyo inali pansanja ya simenti yofika m'chifuwa, kuti wosenza angotembenuka n'kutula popanda kuwerama. A Sikelo ankakankha kachitsulo mpaka mkono wa sikelo uime, n'kufuula kulemera kwake mokweza, kuti dalaivala amene wabweretsa katundu amve ndi makutu ake, asadzanene kuti amubera. Akafuula, wosenza ankakokeranso thumba lija kumsana n'kukwera nalo pathabwa lalitali mpaka pamwamba pa mulu.

Kuchokera pampando umenewo, a Sikelo ankaona zimene ena sankaona, kapena zimene ankaziona n'kusunga pakamwa. Tsitsi la a Ngolo linali lakuda bii ngati la mwana wa sukulu, koma thukuta likayamba, kuda kuja kunkatsikira m'khosi ngati inki. Bondo lamanzere ankalimanga ndi mphira wa chubu cha njinga mkati mwa thalauza. Fungo la mankhwala opaka linkafika pageti eni ake akadali kumsewu. Ndipo zaka zawo zinaima pa fifite-faifi. Anthu awiriwa anabadwa chaka chimodzi, koma pofika nthawiyi a Sikelo anali atawasiya alamu awo m'mbuyo ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Zonsezo a Sikelo akanazipirira. Chimene chinkawatsonyetsa chinali makani amene a Ngolo ankachita ndi anyamata, makamaka mmodzi wamtali, wa chifuwa ngati chitseko, amene ankamutcha Kavesiti chifukwa sanaonekepo atavala shati.

"Iwe Kavesiti," a Ngolo ankayamba, asanapume n'komwe, "minofu ya pagalasi imeneyo. Yojambulitsira zithunzi. Ine pa msinkhu wakowo lole ngati iyi ndinkaitsitsa ndekha, dalaivala asanamalize fodya."

"Zoona, madala," ankayankha Kavesiti.

"Usandivomereze! Tsutsa ngati ndiwe mwamuna."

"Sindingatsutse, madala. Kunalibe ine."

A Ngolo ankachoka akutukwana chapansipansi. Ankafuna mpikisano, koma panalibe wopikisana nawo. Anyamata ankawapatukira pathabwa, ankawatungira madzi, ankawasiyira pamthunzi. Ulemu umenewo unkawawawa kuposa bondo. Ndipo popeza iwo ndiwo ankatsogolera mzere, anyamata enawo ankaunjikana kumbuyo kwawo pathabwa, matumba ali kumsana, akudikira kuti nkhalamba isunthe phazi.

Kapitawo watsopano anaziona pa tsiku lake lachiwiri. Anali mwana wa dzulodzulo, wa nsapato zosongoka, koma maso anali nawo. Lolemba lina anawasonkhanitsa onse pafupi ndi sikelo.

"Abwana agula makina onyamulira katundu," anatero. "Pakutha pa mwezi uno, mwa osenza asanu ndi anayi atsala asanu. Sindifunsa munthu. Ndiziona ndekha amene akuchedwetsa mzere." Kenako anatsitsa mawu, ngakhale aliyense anamva. "Inu madala, pakufunika munthu wosoka matumba obooka. Ntchito yokhala pansi. Muganizire."

"Singano?" anatero a Ngolo. "Wandiona ngati azakhali ako?"

Kapitawo anangoyang'ana foni yake n'kuchoka.

Lamlungu masana mlongo wawo wa a Sikelo, mkazi wa a Ngolo, anatulukira kunyumba kwa mchimwene wake. Sanadikire ngakhale kuti amupatse mpando.

"Achimwene, mwamuna uja mundiphera."

"Ine ndatani?"

"Mumangoyang'ana. Moyo wanu wonse mumangoyang'ana. M'mawa amadzuka chokwawa, atagwira mwendo wa bedi. Nsapato ndimawamanga ndine. Akafika pakona pa msewu m'pamene amawongoka, kuti anthu aziti mkango wadutsa. Mapilo anga onse ada ndi mankhwala a tsitsi aja. Ndikalankhula akuti ndikufuna kuwakalambitsa kuti ndikwatiwe ndi wina. Ine! Ndi mano atatu atsalawa!"

"Ndiye ndichite chiyani? Munthu uja makutu anawasokera m'thumba la nyemba."

"Ndi mlamu wanu. Munandipereka nokha kwa iwo. Akachotsedwa ntchito pamaso pa ana aja, sadzadzukanso pabedi. Akakakamira, msana uthyoka. Sankhani inu chimene mukufuna kudzandithandiza kulira."

A Sikelo anayesa. Mawa lake pa nthawi yopuma anawapeza a Ngolo kuseri kwa nyumba ya katundu, atakweza thalauza, akumanganso mphira wa pabondo. Atamva mapazi anatsitsa thalauza msangamsanga n'kuyamba kuimba mluzu.

"Alamu," anatero a Sikelo, "singano ija si yochititsa manyazi."

"Wakutumani mlongo wanu."

"Sanandituma."

"Wakutumani. Nkhope yanuyo siidziwa kunama, n'chifukwa chake anakuikani pasikelo. Tamverani, alamu. Inu munabadwa okalamba. Munakhala pampando muli ndi zaka makumi awiri, ndiye simungadziwe. Ine ndikakhala pansi ndi singano, mawa ana aja azidzandidumpha ngati chitsa. Azidzanditaira matumba obooka pamiyendo, ati sokani agogo. Ine amene ndinawaphunzitsa kupinda mawondo!"

"Palibe amene akukana zimenezo."

"Galu wamkota sakandira pachabe. Tsiku lomaliza la mwezi mudzaona. Ndidzamusiya Kavesiti wanuyo lilime lili panja."

A Sikelo anatsonya n'kubwerera kusikelo. Zaka zonsezi anali asanapambanepo mkangano ndi munthu ameneyu, ndipo sanaone chifukwa choyambira tsiku limenelo.

Koma mawu a mlongo wawo sanawachoke m'mutu. Kutatsala tsiku limodzi kuti mwezi uthe, anachita chinthu chimene anali asanachitepo: analowerera nkhani ya eni ake. Anamukodola Kavesiti, amene sabata imeneyo inali nthawi yake yokhala pamwamba pa lole, kusenzetsa anzake.

"Mawa kapitawo akhala akuyang'ana," anatero a Sikelo. "M'lole iliyonse mumakhala matumba opepuka, aja obooka panjira n'kutaya nyemba. Uwapatule. Alamu anga akapereka msana, uziwapatsa amenewo."

Kavesiti anakanda m'mutu. "Akadziwa andipha, agogo."

"Sadziwa. Msana suwerenga manambala."

"Nanga ine? Inenso ndili pamndandanda womwewo wa kapitawo. Ndili ndi mwana wakhanda kunyumba."

"Iwe sangakuchotse, ndipo ukudziwa. Ndikungofuna munthu uja adutse tsiku limodzi ali chilili. Zinazo tidzaona."

Kavesiti anavomera monyinyirika. A Sikelo anapita kwawo akudziona ngati munthu wochenjera. Anaganizira za kapitawo, za dalaivala, za anyamata ena. Chimene sanachiganizire chinali chimene ankachichita ndi pakamwa pawo tsiku lililonse kwa zaka zoposa makumi anayi.

M'mawa mwake lole ya nyemba inalowa dzuwa litangokwera pang'ono. Kapitawo anaima pafupi ndi sikelo, manja m'thumba. Dalaivala, bambo wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatseka, anaima mbali inayo kuti aziona mkono wa sikelo. A Ngolo anakoleka shati, anafunda chisaka, anapereka msana. Kavesiti ndi mnzake anawasenzetsa thumba. Pha! pha!

A Ngolo anaponya phazi limodzi, lachiwiri, kenako nkhope yawo inasintha. Anawongoka. Anayamba kuthamanga pang'ono, chinthu chimene panalibe anachionapo kwa zaka zisanu.

"Mwaona?" anafuula. "Lero ndadzuka! Kapitawo, tsegula maso! Kavesiti, konza lachiwiri, ndikubwera!"

Anatembenuka n'kutula thumba pasikelo ngati akutula chipewa. Apa m'pamene a Sikelo anazindikira. Anakankha kachitsulo pang'onopang'ono, ngati kuti kuchedwa kungawonjezere nyemba. Mkono wa sikelo unaima. Dalaivala anali atasuzumira kale, kapitawo nayenso. Kunama sikukanatheka, ndipo ngakhale kukanatheka, lilime lawo silinkaidziwa njira yake.

Anang'ung'udza nambala ija m'kamwa.

"Mokweza, madala," anatero dalaivala. "Sindinamve. Katunduyu ndi wa eni ake."

"Sate-thuu."

Thumba la nyemba limayenera kulemera makilogalamu fifite, kapena kupitirira. Kenako dalaivala anaphulika nako kuseka, atagwira mimba.

"Sate-thuu! Agogo awapatsa pilo! Ndimadabwa ine kuti liwiro limeneli lachokera kuti. Tsabola wakale sawawa, anthuni!"

A Ngolo sanamuyang'ane dalaivala. Anatembenuka n'kuyang'ana pamwamba pa lole, pamene Kavesiti anaima pafupi ndi kamulu ka matumba ofwefwentha amene anawapatula pakona. Kavesiti, mwana wosadziwa kubisa, anayang'ana a Sikelo. A Ngolo anatsatira maso akewo mpaka anafika pa nkhope ya mlamu wawo.

"Inu?" anatero, motsitsa.

A Sikelo anayang'ana mkono wa sikelo.

"Ameneyu ndi mwana, ndingamukhululukire. Koma inu, alamu? Munandiona ndi matumba awiri, inu!"

"Ndinakuonani. Kalekale."

A Ngolo anakokera thumba lija kumsana, anabwerera nalo kulole n'kuliponya m'kati.

"Limeneli silinatsike," anatero. "Loyamba silinatsike. Ndipatse ilo."

Ankaloza chithumba chimene chinali pakati pa lole, chotupa ngati ng'ombe yakufa, chimene wothira wake anachisokerera chigamba pamwamba kuti nyemba zina zilowe. Matumba otere anyamata ankawatsitsa awiriawiri.

"Madala, limenelo ayi," anatero Kavesiti.

"Ndipatse, kapena ndikwera ndidzalitenge ndekha."

"Asiyeni," anatero kapitawo. "Apatseni."

Thumba litatera pamsana, mawondo a a Ngolo anapindika ngati afika pansi, koma anaima. Dzanja linakwera movutikira. Pha. Panapita kanthawi. Pha. Ananyamuka. Pasikelo anadutsa osaima, osayang'anako n'komwe, n'kulunjika kuthabwa.

Tsikulo mulu unali utafika kale mizere khumi ndi isanu ndi itatu, pafupi ndi malata. Palibe anawatsatira. Anyamata onse anaima m'munsi, manja ali lende. Thabwa linkalira pa phazi lililonse. Pakati penipeni bondo lamanzere linayamba kunjenjemera moti thalauza linkagwedezeka, ndipo madzi akuda ankatsika m'khosi mpaka pamimba. A Sikelo anapezeka ataimirira, chinthu chimene sankachita lole isanathe. Ankafuna kufuula kuti tayani, chitsiru inu, tayani, koma ankadziwa kuti mawu amenewo ndi amene angawakwezetse mpaka padenga.

Anafika. Anatula thumba pamwamba pa mulu, phi! n'kukhala pansi pambali pake.

Kapitawo anaomba m'manja kamodzi. "Ntchito, anyamata!"

Mzere unayamba kuyenda, ndipo unayenda mmene unali usanayenderepo. A Sikelo ankafuula manambala motsatizana, osapeza mpata womeza malovu. Anyamata ankakwera, kutula, kutsika, akuwazungulira a Ngolo pamwamba paja. Iwo anangokhala tsonga, miyendo atatambasula.

"Madala, simutsika?" anafunsa mmodzi.

"Ndikuona denga. Likudontha apa."

Mvula inali isanagwe kwa miyezi inayi.

Lole inatha nthawi yopuma isanakwane. A Ngolo anali akuonabe denga. A Sikelo anapita m'munsi mwa mulu n'kukweza mutu.

"Alamu, tsikani."

"Sindilankhula ndi anthu achinyengo."

"Chabwino, musalankhule. Tsikani chabe."

"Ndikafuna."

"Mwendo wakana, eti?"

"Mwendo wa ndani?"

A Sikelo anatseka maso. Anaganiza za mlongo wawo, amene akanati zonsezi wachititsa ndi iwo chifukwa cholowerera, monga mmene akananenera kuti wachititsa ndi iwo chifukwa chongoyang'ana. Atatsegula maso anaona Kavesiti akukwera thabwa, chisaka chili kumutu. Atafika pamwamba anatembenuka, anagwada, n'kupereka msana.

"Choka apa," anatero a Ngolo.

"Tikufuna kuchotsa thabwa, madala. Lole ina ikubwera, tikaunjika mbali inayo. Mugona pano?"

Anakangana kwa kanthawi, mawu osamveka pansi. Kenako anthu anaona manja awiri okalamba akuzungulira khosi la Kavesiti. Mnyamata anadzuka nawo ngati palibe chimene wanyamula, n'kuyamba kutsika. Palibe anaseka, ngakhale dalaivala. Mawu okhawo amene ankamveka m'nyumba monsemo anali a katundu amene anali kumsanayo.

"Pinda mawondo! Ukutsika ngati wanyamula mazira. Phazi lizipingasa thabwa, usaliwongole. Ndani anakuphunzitsa iwe? Taonani, akuyang'ana kumapazi! Yang'ana kutsogolo, mbuzi iwe!"

"Zoona, madala."

"Usandivomereze!"

Anawatula pampando wa a Sikelo. Kapitawo anayandikira, ndipo ulendo uno foni anaisiya m'thumba.

"Madala, mwaona nokha. Kulole ndiye basi, musadzaperekenso msana. Singano ija ikadalipo, ngati mukuifuna."

"Kapatse azakhali ako."

"Ndiye kuti tasiyana."

"Tasiyana."

Mmodzi wa anyamata anawabweretsera shati yawo. Anaivala okha, akuphonya mabatani. Anayesa kuimirira, bondo linakana, anayesanso atagwira nsanja ya sikelo, n'kuima. Apa dalaivala anakhosomola.

"Pepani akuluakulu, koma thumba limodzi silinayezedwe. Lalikulu lija. Ine sindichoka lisanadutse pasikelo."

A Sikelo anagwira kumutu. Zinali zoona. Thumba limene munthu anathera nalo bondo ndi ntchito kuti alikweze linayenera kutsikanso. Kavesiti anathamanga pathabwa, analigwetsera kumsana yekha popanda womusenzetsa, anatsika nalo n'kulitula pasikelo asanatuluke ndi thukuta lomwe. A Ngolo anaziona zonsezo. Sananene kanthu za mawondo.

A Sikelo anakankha kachitsulo. Mkono unaima.

"Sikisite-foo," anatero.

"Mokweza," anatero a Ngolo, osawayang'ana. "Lija la sate-thuu munalinena pamaso pa anthu. Nenani ilinso."

A Sikelo anakoka mpweya n'kufuula mpaka malata anayankha.

"Sikisite-foo!"

A Ngolo anagwedeza mutu kamodzi. Anakana phewa la Kavesiti, anakana ndodo ya tsache imene wina anawapatsa, n'kuyamba kutsimphina kulowera kugeti, dzanja limodzi likutsata khoma. Pageti anakumana ndi lole yachiwiri ikulowa, ndipo anachita kudzipanikiza kuchipupa kuti idutse. A Sikelo anatenga jekete lawo n'kumuuza kapitawo kuti sikelo idikire kaye, popeza munthu uja sakanafika yekha ngakhale pakona, ndipo akanati afike yekha kunyumba, akanawauza akazi awo kuti denga ndi limene lawagwera.